Mwendo Wobwereka

Foni inalira nthawi itangokwana 11 koloko m'mawa, Namafupa ali pakati pondandalika mipando m'chipinda choonetsera filimu. Anali mwamuna wake, ndipo mawu ake anali a munthu wobwera ndi nkhani yokoma. Anati Bambo adzuka ndi mphamvu lero, ameta ndevu okha, apempha kuti awasitire jekete yawo yakuda, ndipo anena kuti nawonso abwera kudzaona filimu ya mpongozi wawo. Afika pa takisi cha m'ma 3 koloko.

Namafupa anayankha kuti chabwino. Atadula foni anakhala pa mpando womwe anaunyamulawo.

Dzina limeneli anamupatsa ndi anzake a pantchito. Analipo anthu asanu ndi anayi, m'zipinda zitatu za pamwamba pa sitolo ya penti, ndipo kwa chaka ndi miyezi iwiri ankapanga filimu imodzi ya katuni, ya mphindi zisanu ndi zinayi basi. Aliyense anali ndi gawo lake. Wina ankaumba zidole pakompyuta, mphuno, mimba, makutu, zonse. Wina ankazisokera zovala. Fumbi ankamanga misewu ndi nyumba zoti zidolezo zizikhalamo, ndipo anamutcha choncho chifukwa sankalola khoma kukhala loyera: ankalithira fumbi, ming'alu, ndere, mpaka munthu ungalumbire kuti unapitako kale pamalopo. Koma chidole chikangoumbidwa chimakhala chouma gwa ngati chipilala. Woika mafupa m'kati mwake, wopinda maondo ndi zigongono, wochiphunzitsa kuyenda, anali Namafupa.

Filimuyo inali ya nkhalamba ina youma mtima, mwininyumba, yomwe inakhoma loko pa mpopi wa madzi n'kumathamangitsa aliyense woyandikira. Nkhope ya mwininyumbayo inatheka msanga. Chimene chinavuta ndi kayendedwe. Namafupa anayesa kasanu ndi kawiri. Anadzijambula yekha akutsimphina m'khonde, anamanga thabwa kumwendo, anaika miyala munsapato. Mkulu wa filimuyo, amene onse ankawatcha a Tibwereze chifukwa cha mawu omwe sankachoka pakamwa pawo, ankangoyang'ana kamphindi n'kupukusa mutu. Ankati ameneyu si nkhalamba, ndi mnyamata wamata ndevu za thonje.

Pamene izi zinkachitika n'kuti apongozi ake a Namafupa, bambo a mwamuna wake, atabwera kudzakhala nawo atadwala sitiroko. Munthu amene anatha zaka makumi atatu akuyendera njanji wapansi, nyundo paphewa, tsopano ankalephera kuchoka pakhomo la kukhitchini kukafika pa chingwe choyanikira zovala. Kuchipatala anawauza kuti akapanda kuyenda tsiku lililonse mwendowo uuma osapindikanso. Koma mkuluyo anali ndi manyazi oopsa. Pamaso pa mwana wawo weniweni ankakana kuimirira. Ana awo ena akabwera kudzawaona ankawapeza atakhala kale pampando, bulangeti pamaondo. Munthu mmodzi yekha amene anamulola kuti aziwayendetsa m'mawa kuseri kwa nyumba anali mpongozi wawoyo, ati chifukwa iyeyo salankhulalankhula ndipo sachita nkhope yachisoni.

Tsiku lina adokotala ophunzitsa odwala kuyenda anapempha kavidiyo koti aone ngati zikusintha. Apongozi analola monyinyirika, nanena kuti kapite kwa adokotala okha, ngakhale ana awo asakaone. Namafupa analonjeza. Anakatumiza kwa adokotala, koma sanakafufute m'foni. Patapita masiku awiri, a Tibwereze atakananso kayendedwe kena, anakatsegula pakompyuta ya kuntchito anzake atapita kukadya, anakaika pambali pa mafupa a mwininyumba, nayamba kutsatira chithunzi ndi chithunzi. Phazi lamanzere likhwekhwereze pansi. Chiuno chiponyedwe kutsogolo ngati thumba lolemera. Dzanja lakufalo likhale pamimba, zala zitapindika. Ndipo pa sitepe yachitatu iliyonse munthuyo aime, atukule chibwano, ayang'ane uku ndi uku ngati palibe chachitika.

A Tibwereze ataona zimenezo anaseka mpaka anagwira tebulo. Kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchitoyo mawu awo aja sanatuluke. Namafupa anadziuza kuti mwininyumba ndi wonenepa, wadazi, wa chimphuno ngati tomato, pomwe apongozi ake ndi aatali, oonda. Anadziuza kuti ndani amazindikira munthu ndi mwendo. Ndipo anadziuzanso kuti mkuluyo satuluka pakhomo, kupatula kupita kuchipatala.

Tsopano lero, tsiku loonetsa filimu kwa mabanja a antchito isanatumizidwe ku mpikisano Lachisanu, mkuluyo anali akusitidwira jekete.

Namafupa anasiya mipando nathamangira kumene kunali Fumbi. Anamupeza akuwonjezera tiudzu m'mphepete mwa ngalande ina yomwe inkaoneka kwa masekondi awiri okha mufilimu yonse. Anamukokera pakona namuuza zonse motsitsa mawu. Fumbi anayamba ndi kuseka, poganiza kuti ndi nthabwala, kenako anayang'ana nkhope ya mnzakeyo, phwete n'kumuthera pakhosi.

"Ndimangire mpanda," anatero Namafupa. "Migolo, matayala, chilichonse. Mubise kuyambira m'chiuno kutsika."

"Mpanda ndiwo suvuta, ndikumangira ndisanamalize tiyi uyu. Koma uphika liti?"

Kuphika ndi mmene iwo ankanenera ntchito imene makompyuta amachita posandutsa zidole zotuwa zija kukhala zithunzi zenizeni, zamitundu, za dzuwa ndi mithunzi. Chithunzi chimodzi chinkatenga mphindi zinayi, ndipo sekondi imodzi ya filimu inkadya zithunzi makumi awiri ndi zinayi. Makompyuta ophikira analipo asanu ndi imodzi, m'kachipinda kotentha ngati uvuni, mafani akulira tsiku lonse. Fumbi anawerengera pachikhatho ndi cholembera. Kufika 3 koloko akanaphika masekondi khumi ndi asanu. Mwininyumba ankayenda kwa mphindi zitatu ndi theka, m'zigawo makumi anayi.

"Komanso usadzinamize," anapitiriza Fumbi. "Ngakhale nditamukwirira mpaka m'khosi, chibwano chija chitsala. Kuyenda kumene kuja sikuli m'mwendo mokha, wekha ukudziwa. Unachita kugwira ntchito bwino mopitirira, ndilo vuto lako."

Namafupa sanamvere. Anakhala pakompyuta yake natsegula zigawo zomwe zinali zitatsekedwa kale, zimene lamulo la pamalopo linali lakuti zisakhudzidwenso. Anayesa kuwongola phazi lija, kuchepetsa kuponya kwa chiuno. Koma zonse zinali zomangidwa pa kayendedwe kakale. Atafupikitsa sitepe, mwininyumba sanafikenso pa mpopi pa nthawi yake, ndipo dzanja lake linagwira mphepo pomwe panayenera kukhala loko. Atatalikitsa, phazi linalowa m'kati mwa mwala mpaka m'kakolo. Jekete ya chidolecho, yomwe inaphunzitsidwa kugwedezeka motsatira kutsimphinako, inayamba kuuluka yokha ngati ili ndi mizimu. Wotchi ya pakhoma inati kota pasiti thwelofu.

A Tibwereze anamupeza pomwepo. Anaima kumbuyo kwake, kapu m'manja, nafunsa mofatsa kuti ndani wamupatsa chilolezo chotsegula chigawo chachisanu ndi chinayi. Namafupa anaimirira, nawauza. Anawauza za njanji, za chingwe choyanikira zovala, za kavidiyo ka adokotala.

Mkulu wa filimuyo sanali munthu woipa. Anakanda m'mutu, nati nkhani ndi yoipa ndithu koma si yofera. Anati chidolecho sichifanana ndi munthu aliyense, ndipo nkhalamba zotsimphina zadzaza dziko lonse. Apongozi akewo adzakhala kumbuyo, magetsi adzazimitsidwa, adzaseka ndi anzawo, n'kupita kwawo.

"Bwana, vuto si filimu yokha," anatero Namafupa. "Kuti akafike pampandopo ayenera kudutsa m'khonde umu. Ndani muno amene sadziwa kuyenda kumene kuja?"

Asanayankhe, wokonza mawu a filimu anatulukira kukhitchini atanyamula makapu a alendo pa thireyi. Posadziwa kanthu, anabwera monga mmene onse pamalopo ankachitira kwa miyezi isanu ndi umodzi akamapita kukatenga tiyi, akamaitanidwa ndi bwana, akamatuluka kuchimbudzi: phazi khwee, chiuno ponyu, ndipo pa sitepe yachitatu anaima, natukula chibwano, nayang'ana uku ndi uku. Wosoka zovala za zidole anaseka ali pa tebulo lake osadzutsa n'komwe mutu.

A Tibwereze anaika kapu pansi. Kenako anati angathe kuwasonkhanitsa onse n'kuwachenjeza kuti mkuluyo akamalowa nkhope zikhale bwinobwino. Namafupa anafunsa kuti nkhope zisanu ndi zitatu zikauma nthawi imodzi, maso onse n'kugwera pansi, munthu amene wakhala chaka chathunthu akuwerenga nkhope za anthu sadzaona kodi. Nanga akazi awo, amuna awo ndi ana awo, amene adzamuone akulowa, kenako n'kumuonanso pakhoma patangopita mphindi khumi, adzawachenjeza ndani?

"Apongozi akowo unawapempha?" anafunsa a Tibwereze.

"Ayi."

"Ndiye ndikuuze zoona, mwana wanga. Mawu amene ndimakutopetsani nawo tsiku lililonse, lero sindingawanene. Anthu awa asiya mabanja awo chaka chonse chifukwa cha mphindi zisanu ndi zinayi zimenezi. Lachisanu ipita mmene ililimu. Za 3 kolokozo ndi zako, uone wekha chochita."

Chochita chinalipo chimodzi chophweka, ndipo Namafupa anachiona. Anatuluka panja pa masitepe naimbira mwamuna wake. Bodza anali atalikonza kale: masitepe ndi ambiri, ndi otsetsereka, alibe pogwira pabwino, Bambo asadzivute, adzaionera kunyumba tsiku lina. Atangotchula za masitepe, mwamunayo anaseka. Anati zimenezo Bambo anazidziwa kale, anamufunsa sabata yatha kuti masitepe a kuntchito kwa mpongozi wawo ndi angati, iye n'kuwauza kuti makumi awiri ndi awiri. Kuyambira tsiku limenelo, nyumba ikakhala yopanda anthu masana, akhala akukwera ndi kutsika kasitepe ka pakhomo la kukhitchini, kuwerenga mpaka makumi awiri ndi awiri. Anaulula okha m'mawa uno, akumwetulira ngati mwana wobisa switi. Chapatali Namafupa anamva mawu a apongozi ake akufunsa ngati tayi yofiira ikugwirizana ndi jekete.

Bodza lija linamuuma m'kamwa. Anangoti adzawadikira pageti.

Maola otsalawo anayenda ngati munthu wothamangitsidwa. Namafupa anamaliza kundandalika mipando osadziwa kuti manja ake akuchita chiyani. Cha m'ma hafu pasiti thu alendo anayamba kufika, azimayi atatchena, ana akuthamangathamanga m'khonde, amuna akufunsa mafunso a makompyuta omwe sankafuna mayankho ake. Fumbi anamubweretsera madzi, sanamwe. Nthawi itatsala pang'ono anatsika masitepe onse aja nakaima pageti, pafupi ndi benchi imene ogwira ntchito m'sitolo ya penti ankapumirapo.

Takisi inafika itachedwa ndi mphindi khumi. Mwamuna wake anatsika koyamba, nkhope ili ngwee, nathamangira kukatsegula chitseko chinacho. Kunatuluka ndodo, kenako mwendo wabwino, kenako apongozi, jekete yakuda yowakulira tsopano m'mapewa, tayi yofiira, nsapato zopolishidwa. Anakana dzanja la mwana wawo. Anayenda okha kuchoka pamsewu: phazi khwee, chiuno, phazi khwee. Pa sitepe yachitatu anaima, natukula chibwano, nayang'ana uku ndi uku.

"Mayi, tafika," anatero mkuluyo. "Masitepe anu aja ali kuti?"

Namafupa anapinda maondo, nawapempha kuti ayambe akhala kaye pabenchi, ali ndi mawu. Mwamuna wake anati mawu a chiyani pomwe filimu ikuyamba, koma apongozi anamuyang'ana mpongozi wawoyo kamodzi, nakhala. Iye ananjuta pambali pawo, maso pansi, nanena zonse, osachotsera, osadzikometsera. Ananenanso za anzake ndi makapu a tiyi, chifukwa anadziwa kuti akabisa chimenecho ndiye kuti sananene kanthu.

Mwamuna wake ndi amene anayamba kupsa mtima. Anafunsa motsitsa mawu, mano atalumana, ngati mutu wake ukuyenda bwino, ngati bambo ake asanduka choseweretsa, ndiponso kuti kavidiyo kamene iye mwana wawo anakanizidwa kukaona kanafika bwanji kuntchito. Apongozi anakweza dzanja labwinolo.

"Iwe, pita ukandigulire madzi akumwa. Usafulumire."

Atachoka, mkuluyo anatambasula dzanja nati aone. M'foni ya Namafupa munali kachigawo kamene ankagwirira ntchito, kogawika pakati: kumanzere apongozi kuseri kwa nyumba, atavala malaya ogonera, kumanja mwininyumba wa chimphuno, onse awiri akuyenda limodzi, phazi ndi phazi. Akanatha kuwaonetsa chidole chokha. Koma anawaonetsa mbali zonse ziwiri.

Anayang'ana mpaka kutha. Anati abwereze. Anayang'ananso, foni ili pafupi ndi maso, mpweya ukumveka m'mphuno. Galimoto yonyamula zitini za penti inalowa pageti, inatsitsa katundu, inatuluka, iwo ali chiyang'anire.

"Mbali iyi ya ine, waiona ndani?"

"Ine ndekha, Bambo. Ndi adokotala."

"Chibwanochi ndimachitadi chonchi?"

"Eya, Bambo."

"Sindimadziwa." Anabweza foni. "Munthuyu amagwa?"

"Amagwa kawiri."

"Ndi pamene anthu amaseka?"

"Amaseka asanagwe n'komwe. Akangoyamba kuyenda."

Mkuluyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtunda wa ulendo. Anafunsa ngati kuyendako kungachotsedwe. Namafupa anati kungachotsedwe, koma ndi ntchito ya masabata atatu kapena anayi, ndipo filimu iyenera kutumizidwa Lachisanu, apo ayi ntchito ya anthu asanu ndi anayi idikira chaka china. Anati akalamula kuti ichotsedwe, iye akwera pompano kukauza abwana ake, ndipo akakana asiya ntchito. Ananena zimenezo akudziwa kuti kusiya kwake sikungabweze chithunzi ngakhale chimodzi, ndipo anaona kuti apongozi nawo akudziwa.

Pamwamba wina anatseka mazenera ndi nsalu zakuda, koma zenera limodzi linatsala lotsegula chifukwa cha kutentha. Kunamveka mawu a a Tibwereze akulandira alendo, kuwomba m'manja, kenako nyimbo yoyambira. Apongozi anamuuza kuti akwere, ndi tsiku lake. Iye anapukusa mutu nakhala kumapeto kwa benchi, mpata wa munthu mmodzi pakati pawo.

Namafupa ankaidziwa filimuyo sekondi ndi sekondi. Anadziwa pamene mpopi ukudontha, pamene chitseko cha mwininyumba chikutseguka. Anagwira m'mphepete mwa benchi. Phwete linatsika pazenera lija ngati madzi otayidwa m'beseni, la ana pamwamba, la akuluakulu pansi pake. Linaleka, linayambanso. Mwana wina ankachita kukuwa chifukwa cha kuseka. Apongozi anakhala tsonga, manja onse pa ndodo, akuyang'ana khoma la sitolo ya penti. Sanatukule maso ngakhale kamodzi, mpaka nyimbo yomalizira inalira ndipo anthu anawomba m'manja nthawi yaitali.

"Akusangalala," anatero. "Isiyeni ipite. Sindingalande anthu chaka chawo chifukwa cha mwendo umodzi, wakufa kale."

"Bambo, ndalakwa."

"Mwalakwa, inde."

Mwamuna wake anali atabwerera kale, ataima chapatali ndi botolo la madzi, osadziwa kuti ayandikire kapena ayi. Apongozi anamukodola namuuza kuti akaimitse takisi kumsewu waukulu. Kenako anayamba ntchito yoimirira. Namafupa anatambasula dzanja monga ankachitira m'mawa uliwonse, koma iwo analiyang'ana dzanjalo mpaka analibweza yekha. Anadzuka pa ulendo wachiwiri, ndodo ikunjenjemera.

Funso limene linkamudya Namafupa kuyambira 11 koloko linatuluka lokha. Anafunsa ngati mawa m'mawa ayenda.

Mkuluyo anakonza tayi ndi dzanja limodzi. Anati ayenda, chifukwa akasiya mwendo uuma, ndipo alibe wina. Mwana wawo amalira ndi maso, iwo sangapirire zimenezo.

"Koma foni muziisiya m'nyumba. Ndipo muzikhala patsogolo panga, osati kumbuyo. Muziyang'ana kumene tikupita."

"Nanga mukaterereka, Bambo? Ndikakhala patsogolo sindingakugwireni."

"Mudzamva ndikagwa."

Pamasitepe panayamba kumveka mapazi ndi mawu a anthu akutsika, ana akutsanzira kale zimene aona. Apongozi analoza kumsewu ndi chibwano. Namafupa anatsogola, maso pa msana wa mwamuna wake amene anali kukweza dzanja kwa magalimoto. Kumbuyo kwake nsapato inakhwekhwereza pa simenti, ndodo inagogoda, nsapato inakhwekhwerezanso, kenako kunali zii. Khosi lake linafuna kutembenuka lokha. Analiumitsa, nachepetsa liwiro, nadikira mpaka nsapato ija inayambanso.